Musanagule nsomba, phunzirani kaye kusunga madzi

Mwezi uno tichoke kudimba ndi kukhitchini, tilowe pabalaza. Owerenga athu angapo, makamaka amene akukhala ku South Africa ndi ku Britain, atifunsa za thanki yagalasi ya madzi amchere, ija mumakhala nsomba zamawangamawanga ndi makorali amoyo, imene amaiona m'maofesi, m'malo odikirira dokotala ndi m'nyumba za anzawo. Funso lake limabwera mofanana: ana akuifuna, nafenso yatitenga mtima, tiyambire pati? Ife tikuti musayambire kusitolo ya nsomba. Nsomba ndi chinthu chomalizira kugula. Ntchito yeniyeni ya mwini thanki yotere ndi kusunga madzi kuti akhale chimodzimodzi lero, mawa ndi mkuja. Akalephera pamenepo, zamoyo zimene anagula ndi ndalama zankhaninkhani zimafa chimodzichimodzi ana akuona.

Chikhumbocho pachokha n'chabwino. Mu 2015 akatswiri a mayunivesite a Plymouth ndi Exeter, pamodzi ndi a National Marine Aquarium ku England, anafalitsa kafukufuku wosonyeza kuti munthu akakhala phee n'kumayang'ana nsomba m'thanki yaikulu, mtima wake umagunda modekha ndipo kuthamanga kwa magazi kumatsikako. Nsomba zikachuluka, anthu ankakhalitsa pamenepo ndipo ankachoka ali osangalala. Sitikunena kuti amene akumwa mankhwala a BP awasiye n'kukagula thanki, ayi. Komanso tisaiwale kuti amene anayezedwawo anali ongoonerera. Onyamula zidebe ndi oyeza madzi anali ena. Pakhomo panu, woonerera ndi wonyamula zidebe mudzakhala inu nomwe.

Tiyambe ndi kudziwa chimene tikufuna kuweta. Makorali si miyala ndipo si maluwa, ngakhale amaoneka choncho. Ndi tinyama ting'onoting'ono tokhala pagulu, tapachibale ndi jellyfish. M'minofu mwawo mumakhala ndere zosaoneka ndi maso zotchedwa zooxanthellae, zimene zimapanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa n'kumagawana ndi eninyumbawo. Mitundu ina ya makorali imadzimangira chigoba cholimba cha laimu, ndipo zigoba zimenezi zikaunjikana kwa zaka masauzande ambiri zimasanduka matanthwe a pansi pa nyanja, monga a kuzilumba za Quirimbas ndi Bazaruto ku Mozambique, a ku Sodwana Bay ku KwaZulu-Natal, ndi Great Barrier Reef ku Australia, amene ndi otalika makilomita opitirira 2,000. Kumeneko madzi sasintha kwenikweni, ndipo akasintha amasintha pang'onopang'ono. Nyanja ikangofunda ndi digiri imodzi kuposa mmene imafundira m'nyengo yake yotentha, n'kukhala choncho kwa milungu ingapo, makorali amalavula ndere zija n'kuyera mbuu. Kutenthako kukapitirira amafa ndi njala. Zinachitika kwambiri mu Indian Ocean mu 1998, ndipo ku Great Barrier Reef zinachitika zaka ziwiri zotsatizana, 2016 ndi 2017. Ngati digiri imodzi ikutha kuchita zimenezi m'nyanja yaikulu chotero, nanga bwanji malita 60 amene mwawaika pafupi ndi zenera dzuwa la Okutobala likuswa mtengo?

N'chifukwa chake thanki yaing'ono, imene ambiri amaiona ngati yoyenera wophunzira, ndiyo yovuta kwambiri. Tiyi wa m'kapu amazizira msanga kuposa wa m'ketulo. Madzi akachepa, cholakwika chilichonse chimakula: kutentha kumakwera mofulumira, mchere umachuluka mofulumira, ndipo kansomba kamodzi kakafera kuseri kwa mwala thanki yonse imaipa usiku umodzi. Woyamba kumene ayambe ndi malita a pakati pa 100 ndi 200. Koma kumbukirani kulemera kwake. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye thanki ya malita 200, kuphatikiza galasi, miyala ndi mchenga, imalemera ngati matumba asanu a chimanga, mwinanso kuposa. Kabati ya mbale siingasenze zimenezo, ndipo amene akuchita lendi m'nyumba zosanja afunse kaye mwini nyumba. Malo ake akhale osafika dzuwa, kutali ndi utsi wakukhitchini, ndiponso m'chipinda chimene simupoperamo mankhwala a udzudzu kapena kuyatsamo koyilo. Mankhwala ophera tizilombo amapha nsomba ndi tinkhanu ta m'thanki ngakhale atalowamo ochepa kwambiri. Banja likafunika kusankha pakati pa kupopera udzudzu ndi kuteteza nsomba, mwana ndiye woyamba. Thanki ipeze chipinda china.

Tibwere ku madzi. Mchere wa pandiwo sugwira ntchito pano, ngakhale wamiyala uja. Madzi a m'nyanja ali ndi mchere wamitundumitundu wokwana pafupifupi magalamu 35 pa lita, ndipo mkati mwake muli kashiamu, maginiziyamu ndi zina zimene makorali amamangira zigoba zawo. Choncho mumagula mchere wosakaniza kale wa ntchito imeneyi. Thanki ya malita 200 imadya makilogalamu pafupifupi 7 tsiku loyamba lokha. Pambuyo pake muzichotsa gawo limodzi mwa magawo 10 a madziwo mlungu uliwonse n'kuthiramo atsopano, kutanthauza malita 20 ndi mchere wokwana magalamu 700. Pachaka ndi makilogalamu opitirira 35. Funsani mtengo wake musanapite patali, ndipo funsaninso ngati umapezeka nthawi zonse kumene mukukhala.

Madzi a pampopi nawonso sathiridwa mmene alili. Muli klorini, ndipo kawirikawiri mumakhalanso phosphate, nitrate ndi mkuwa wosungunuka wochokera m'mapaipi. Kwa munthu ndi madzi abwino akumwa, koma kwa makorali mkuwa ndi poizoni, ndipo phosphate ndi feteleza wa ndere zimene zidzakute thanki yonse. Pamafunika kamakina kotchedwa RO, kamene kamakankhira madzi pa sefa yopyapyala yosalola zinthu zimenezi kudutsa. Pa lita iliyonse yoyera kamatulutsa pambali malita atatu kapena anayi, koma amenewo musawataye: chapirani zovala kapena thirirani mbewu. Sakanizani mchere m'chidebe chimene sichinaonepo sopo, muzithira mchere m'madzi osati madzi pamchere, ndipo musiye kapampu kakuvundula usiku wonse. M'mawa yezani ndi refractometer, kachipangizo kamene mumadonthezapo madzi n'kusuzumira ndi diso limodzi. Kawerenge 1.025 kapena 1.026.

Pali chinthu chimene aliyense wophika amachidziwa koma oweta nsomba atsopano amachiiwala. Ndiwo zikaphwera pamoto mchere umawawa, ndipo wanzeru amawonjezera madzi, osati mchere. M'thanki n'chimodzimodzi. Tsiku lililonse madzi ena amauluka ngati nthunzi, mchere n'kutsala. Lembani kamzere pagalasi, ndipo madzi akatsika bwezerani ndi madzi osefa opanda mchere. Amchere ndi a tsiku losintha madzi lokha. Amene amasokoneza ziwirizi amangoona nsomba zikufooka mlungu ndi mlungu, osadziwa kuti akuzisandutsa bakayawo zili zamoyo.

Tsopano mwathira madzi, mwayala mchenga, mwasanja miyala yazibowozibowo, mwayatsa mapampu. Thanki ikuwala, ana akufunsa kuti nsomba zibwera liti. Apa ndi pamene pagona nkhani. Nsomba iliyonse imatulutsa amoniya, ndipo chakudya chotsala chikamaola chimatulutsanso amoniya yemweyo. Amoniya amawononga ziwalo zimene nsomba imapumira. Chimene chimamuchotsa si makina koma mabakiteriya amene amakhazikika pamiyala ndi mumchenga. Gulu loyamba limasandutsa amoniya kukhala nitrite, gulu lachiwiri limasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene ululu wake ndi wochepa ndipo amachoka posintha madzi. Thanki yatsopano ilibe mabakiteriyawa okwanira, ndipo kuti achuluke pamatenga milungu 4 mpaka 8. Mumawadyetsa kachakudya ka nsomba pang'ono kapena madontho a amoniya wa m'botolo, n'kumayeza pakapita masiku awiri kapena atatu. Mudzaona amoniya akukwera kenako n'kutsika, nitrite naye chimodzimodzi. Onse awiri akafika pa 0 n'kukhazikika pamenepo, thanki yapsa. Ena amalangiza kuponyamo kansomba kolimba kuti kayambitse ntchitoyi. Ife sitigwirizana nazo. Kansombako kamazunzika popanda chifukwa, ndipo mwana amene akuonerera amaphunzira kuti chamoyo chotchipa n'choyeserapo.

Kenako imabwera nyengo yonyansa. Mchenga woyera uja umachita ngati wadzimbiri, miyala imamera ndere zobiriwira ngati tsitsi. Si kuti mwalakwitsa. Thanki yatsopano imadutsamo ndithu, ndipo zimachepa zokha ngati simudyetsa mopyola ndipo mukusintha madzi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pano mwambiwu ukugwira pawiri, chifukwa alendo oyamba kulowa m'thanki ndi nkhono zenizeni za m'nyanja zodya ndere.

Za zipangizo tidutsepo mwachangu, popeza ogulitsa adzakuuzani zambiri kuposa zimene mukufuna. Pafunika pampu yoyendetsa madzi mwamphamvu ngati mafunde, chifukwa makorali sayenda ndipo amadalira madzi kuwabweretsera chakudya ndi kuwachotsera zonyansa. Pafunikanso nyali ya LED yopangidwira makorali, yoyaka maola 8 mpaka 10 pa nthawi yofanana tsiku lililonse, hita yosunga madzi pa madigiri 25, ndi kafani kouzira pamwamba pa madzi m'nyengo yotentha. Protein skimmer, kamakina kotulutsa zonyansa ngati thovu lakuda, n'kothandiza, koma thanki ya nsomba zochepa ikhoza kuyamba popanda iko.

Zonsezi zimadya magetsi usana ndi usiku, ndipo apa tikufuna mukhale pansi. Pampu ikaima, madzi amasiya kutenga mpweya pamwamba. Madzi ofunda ndiponso amchere amasunga okosijeni wochepa kale poyerekeza ndi madzi ozizira a mumtsinje, ndipo nsomba, makorali ndi mabakiteriya aja onse akupuma yemweyo. M'thanki yodzaza, nsomba zimayamba kubanika pakangopita maola ochepa. Owerenga a ku South Africa akukumbukira mmene magetsi ankazimira mu 2023. Ku Malawi, namondwe wotchedwa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, vuto la magetsi linatenga nthawi yoposa chaka. Ku Zambia chilala cha 2024 chinaphwetsa madzi ku Kariba, ndipo nyumba zambiri zinkakhala zopanda magetsi mbali yaikulu ya tsiku. Makorali sawerenga ndondomeko ya kuzima kwa magetsi. Ngati mulibe batire ndi inveta, kapena sola yoti n'kuyendetsa pampu usiku wonse, zimenezi ndiye mugule poyamba, galasi pambuyo.

Magetsi akazima, dziwani choyenera kupulumutsa. Choyamba ndi kuyenda kwa madzi, chachiwiri kutentha, ndipo nyali ndi yomalizira chifukwa makorali amapirira mdima masiku angapo monga amachitira kukachita mitambo. Kapampu ka mpweya koyendera mabatire kasamasowe m'nyumba. Zonse zikalephera, tungani madzi a m'thankimo ndi jagi n'kumawatsanuliramo kuchokera m'mwamba pakapita mphindi zingapo. Kukazizira fundikani thanki bulangeti, kukatentha yandamitsani botolo lotseka la madzi oundana. Musadyetse mpaka magetsi atayaka.

Magetsi omwewo ndi ngozi kwa anthu, chifukwa amayenda mosavuta m'madzi amchere. Chingwe chilichonse chitsike kaye m'munsi mwa soketi kenako n'kukwera, kuti dontho lotsata chingwe ligwere pansi. Wamagetsi wodziwa ntchito aonetsetse kuti pali chipangizo chodula magetsi chokha akayamba kutayikira, chimene ku South Africa amati earth leakage ndipo ku Britain amati RCD. Musanalowetse dzanja m'madzi zimitsani hita ndi mapampu. Mwana wokwawa asafike pazingwe, ndipo wamkulupo asakwere pakabati kuti aone bwino.

Thanki yapsa, magetsi ali m'malo, tsono tikambe za nsomba. Ana ambiri amafuna ija ya mufilimu ya Finding Nemo ya 2003, ndipo mwamwayi clownfish ndi imodzi mwa zoyenera kuyamba nazo. Ndi yolimba, siifuna malo aakulu, ndipo imaswanitsidwa m'mathanki mwaunyinji kotero kuti palibe chifukwa chogulira yogwidwa kunyanja. Gulani ziwiri zazing'ono. Clownfish zimayamba ngati zazimuna, ndipo yamphamvu pa ziwirizo imakula n'kusanduka yaikazi, nkhani imene ana saikhulupirira mpaka ataona imodzi ikuposa inzake msinkhu. Sizifuna anemone, kanyama ka mikono yoluma kamene zimabisalamo kunyanja. Kanyama kameneka kamafuna thanki yokhazikika kwa miyezi yambiri, kamayendayenda, ndipo kakakodwa m'pampu kamaipitsa madzi onse. Mnzake wa Nemo wabuluu uja, blue tang, musiyeni. Amakula kufika masentimita 25 kapena 30 ndipo amafuna thanki yotalika pafupifupi mamita awiri.

Lowetsani nsomba imodzi kapena ziwiri, dikirani milungu iwiri kapena itatu kuti mabakiteriya achuluke, kenako zina. Yatsopano iliyonse iyambe yakhala payokha m'kathanki kena pafupifupi mwezi. Matenda ofala kwambiri ndi a timadontho toyera ngati shuga pakhungu, oyambitsidwa ndi kachilombo kotchedwa Cryptocaryon irritans. Mankhwala ake ofala ali ndi mkuwa, ndipo taona kale zimene mkuwa umachita kwa makorali, nkhono ndi tinkhanu. Matendawa akalowa m'thanki yaikulu simungawachizire momwemo. Muyenera kugwira nsomba zonse pakati pa miyala n'kusiya thankiyo yopanda nsomba kwa miyezi iwiri ndi kuposerapo.

Wogulitsa mumufunse funso limodzi: nsomba iyi yachokera kuti? Nsomba zambiri za madzi amchere zimene zili pamsika zimagwidwabe kunyanja, makamaka ku Indonesia ndi ku Philippines. Kumeneko ena amapopera cyanide m'ming'alu ya matanthwe kuti nsomba zikomoke azitole mosavuta, monga mmene ena kwathu amathirira katupe mumtsinje, ngakhale kuti malamulo amaletsa. Makorali a pamalopo amawonongeka, ndipo nsomba zina zimadzafa zili kale m'thanki yanu. Banggai cardinalfish, ya kuzilumba zochepa za ku Indonesia, inagwidwa mochuluka mpaka mu 2007 bungwe la IUCN linaiika m'gulu la zamoyo zimene zili pangozi yotha. Lero zoswanitsidwa m'mathanki zilipo, funani zimenezo. Makorali nawonso gulani tizidutswa tolimidwa m'mathanki, ndipo yambani ndi ofewa monga mushroom ndi leather, amene amapirira zolakwa zing'onozing'ono. Makorali olimba ali pamndandanda wachiwiri wa pangano la CITES, choncho kuwawolotsa malire kumafuna chilolezo. Kuthyola kachidutswa ku Pemba kapena ku Zanzibar n'kukabisa m'chikwama ndi kudziputira mlandu.

Tikhalitse pang'ono pa ngozi ya kwa munthu imene ogulitsa ambiri saitchula. Makorali ofewa a mitundu ya Palythoa ndi Zoanthus ndi okongola ngati timaluwa, otchipa ndiponso osavuta kuweta, n'chifukwa chake amaperekedwa kwa oyamba kumene. Ena mwa iwo ali ndi palytoxin, amene ali m'gulu la poizoni woopsa kwambiri m'chilengedwe. Amalowa kudzera pabala, m'maso, m'kamwa kapena popuma. Ngozi yaikulu imabwera munthu akatulutsa mwala m'madzi n'kuukwecha ndi burashi, kapena kuuthira madzi owira kuti aphe zimene zamera pamenepo, chifukwa poizoni amakwera ndi nthunzi n'kudzaza nyumba. Mu 2018 ku Oxfordshire, ku England, banja lina ndi ozimitsa moto amene anabwera kudzathandiza anathamangira nawo kuchipatala chifukwa cha poizoni ameneyu thanki itatsukidwa. Zizindikiro zake zimafanana ndi chimfine champhamvu: kutentha thupi, kutsokomola, kubanika, kuphwanya m'thupi ndi maso kufiira, ndipo ena amamva ngati alawa chitsulo. Palibe mankhwala ofafaniza poizoniyu. Kuchipatala amathandiza wodwala kupuma ndi kuchepetsa ululu mpaka poizoni atatha mphamvu. Zikachitika, tulutsani anthu onse panja, ndi ziweto zomwe, tsegulani mazenera, pitani kuchipatala, ndipo muuzeni dokotala kuti muli ndi thanki ya makorali, chifukwa payekha sangaganizire zimenezo. Popewa, valani magolovesi aatali ndi magalasi oteteza maso, ndipo mwala wa m'thanki usawiritsidwe kapena kukwechedwa uli kunja kwa madzi. Lamulo limeneli ndi la mwala uliwonse, chifukwa makoraliwa amatha kubwera atabisala pamwala umene mwagula kwa wina. Maganizo athu ndi akuti m'nyumba mmene muli ana aang'ono mitundu iwiriyi isagulidwe n'komwe.

Palinso kachilombo kotchedwa Mycobacterium marinum, kapachibale ndi ka TB, kamene kamakhala m'madzi a thanki, amchere ndi opanda mchere omwe. Kakalowa pakabala ka pachala, pakapita milungu ingapo pamatuluka kachotupa kofiira kosamva mankhwala wamba, ndipo nthawi zina tina timatuluka mondondozana kukwera ndi mkono. Matendawa amachizika, koma ndi mankhwala a miyezi ingapo. Amene chitetezo cha m'thupi mwawo n'chotsika, kaya chifukwa cha HIV, khansa kapena mankhwala ena, asiyire ena ntchito yotsuka. Aliyense asambe m'manja ndi sopo akamaliza, asakoke madzi m'paipi ndi pakamwa, ndipo zidebe za thanki zisasakanikirane ndi zakukhitchini.

Thanki ikakhazikika, ntchito yake si yolemetsa koma siidumphika. Tsiku lililonse mumayang'ana kutentha, kubwezera madzi, kuwerenga nsomba ndi kuzipatsa chakudya chimene zingamalize m'mphindi ziwiri. Mlungu uliwonse mumasintha madzi, kupukuta galasi ndi kuyeza. Makorali olimba akayamba kukula, kashiamu akhale cha m'ma 420 ppm, maginiziyamu cha m'ma 1,300, ndipo alkalinity pakati pa 8 ndi 9 dKH. Koma musathamangitsane ndi manambala. Thanki yokhazikika pa 8 imachita bwino kuposa imene lero ili pa 7 mawa pa 10 chifukwa mwini wake mtima uli m'mwamba. Chimene simungachiyeze musachithire, ndipo chimene chalakwika chikonzeni pang'onopang'ono kwa masiku angapo. Kope lolembamo manambalawa mupatseni mwana wa sitandade 6 kapena 7, masamu ndi sayansi zimulowe osazindikira.

Ganiziraninso za ulendo. Uthenga wa maliro subwera mochenjeza, ndipo amene ali kunja akapita kumudzi mu Disembala amakhalako milungu itatu kapena inayi. Ndani adzatsale ndi thanki? Mnansi wokoma mtima amapha nsomba ndi chifundo, chifukwa zimaoneka zanjala nthawi zonse. Muyezereni chakudya cha tsiku lililonse m'timapepala, chotsalacho mubise, ndipo mumusonyeze kamzere ka pagalasi ndi chidebe cha madzi opanda mchere. Mukadzatopa nayo thankiyo, chamoyo chilichonse chibwerere kusitolo kapena chipite kwa woweta mnzanu, osati m'nyanja. Lionfish, nsomba ya minga yaululu ya ku Indian ndi Pacific Ocean, inaoneka kugombe la Florida mu 1985, ndipo akatswiri amakhulupirira kuti inatayidwa ndi oweta. Lero yafalikira ku Caribbean ikudya ana a nsomba za kumeneko.

Nanga amene ali ku Lilongwe, Zomba, Chipata kapena Tete? Tinene mosapita m'mbali. Mchere, zoyezera, nyali, nsomba ndi makorali, pafupifupi zonse n'zoitanitsa kunja ndi ndalama zakunja, ndipo zamoyozo ziyenera kupirira ulendo wautali. Pampu ikafa usiku, ina simukaipeza kugolosale m'mawa. Banja limene lili ndi sola yokwanira ndi njira yodalirika yopezera katunduyu likhoza kuyesa, bambo ndi mayi atawerengera limodzi ndalama za chaka chonse, fizi ya ana itapatulidwa kale. Kwa ena tonse pali njira imene oweta a ku Ulaya ndi ku America amatisirira nayo. Mbuna za m'nyanja ya Malawi zili m'gulu la nsomba zotchuka kwambiri m'mathanki padziko lonse, ndipo zakhala zikutumizidwa kunja kuchokera ku Senga Bay kwa zaka zambiri. Zilipo zabuluu, zachikasu ndi zamizeremizere, zopikisana maonekedwe ndi za kumatanthwe a makorali, koma zimakhala m'madzi opanda mchere. Sizifuna nyali yodula kapena refractometer. Zimafuna miyala yambiri yobisalamo chifukwa n'zandewu, chakudya chochuluka zomera chifukwa zambiri mwa izo zimabudula ndere pamiyala, ndi madzi a madigiri 24 mpaka 27. Milungu yodikira mabakiteriya ndi yomweyo, klorini ndi wochotsa ndithu, ndipo kapampu ka mabatire kafunikabe. Yachikasu ija yotchedwa Labidochromis caeruleus, ya m'dera la Nkhata Bay, ndi yofatsako ndipo ndi yabwino kuyamba nayo. Gulani kwa oweta kapena ogulitsa ovomerezeka. Mu Lake Malawi National Park ku Cape Maclear, malo amene anakhazikitsidwa mu 1980 makamaka pofuna kuteteza nsomba zimenezi, kugwira mbuna n'koletsedwa.

Mbuna zikakhazikika zimaswana. Yaikazi imatola mazira n'kuwasunga m'kamwa pafupifupi milungu itatu osadya, monga amachitira chambo. Mukaona imodzi yabisala pakona ikukana chakudya, musathamangire kuithira mankhwala poganiza kuti yadwala. Yang'anitsitsani pansi pa chibwano chake. Ngati patupa, ndipo pakapita masiku timaso takuda tayamba kuonekera mkatimo, konzani kathanki kena kolerera anawo, chifukwa akalavulidwa pakati pa zikuluzikulu ambiri amadyedwa.